Buleki ya disiki ikamalira koma osagwira: yankho kwa owerenga a ku Senga Bay

Achimwene ena a ku Senga Bay andilembera pa imelo. Akuti anagula njinga yapakaunjika ya mabuleki a disiki (ofinya kambale kachitsulo ka pakati pa tayala) ku Kamuzu Road, ndipo poyamba inkaima akangogwira pang'ono. Sabata yatha anathira oilo pa tcheni, ndipo kuyambira pamenepo buleki yakumbuyo ikulira mpaka anthu kucheuka, koma njinga osaima. Wokonza njinga wina wawauza kuti aviike mapadi, tizidutswa timene timafinya disiki pomanga buleki, mu petulo n'kuwayatsa moto. Akufunsa ngati achite zimenezo kapena angogula mapadi atsopano.

Achimwene, buleki yanu yalowa mafuta. Disiki imatsukika ndipo ibwerera mwakale, musade nayo nkhawa. Okayikitsa ndi mapadiwo. Disiki ndi chitsulo cholimba, mafuta amangokhala pamwamba. Padi ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo imamwa mafuta ngati mandasi. Mukapukuta pamwamba imaoneka yoyera, koma ikatentha pomanga buleki mafuta a m'kati aja amatulukanso n'kupakanso disiki yomwe mwangotsuka kumene. Mapadi a resin, omwe ndi ofewa ndipo ndi amene amapezeka kwambiri, amamwa msanga. Achitsulo aja otchedwa sintered amapirirako.

Musanatsuke chilichonse, pezani kumene mafutawo akuchokera, apo ayi mubwereza ntchito yomweyi sabata yamawa. Kwa inu ndikukayikira tcheni. Ambiri kuno timathira oilo wakuda wotsala m'galimoto, wambirimbiri, ndipo tayala likamazungulira amathovukira mbali zonse. Oilo wopopera uja ndiye woipa kwambiri, chifukwa nkhungu yake imafika pa disiki inu osaona. Koma yang'ananinso zina. Nsanza imene munapukutira tcheni, kodi sinakhudze disiki? Girisi wa mu habu sakutuluka? Pa kaliya simunanyamule chigubu cha mafuta ophikira chodontha? Ndipo ngati mabuleki anu ndi oyendera mafuta a m'kapaipi osati a waya, chotsani mapadi muone kumbuyo kwake. Kukakhala konyowa, ndiye kuti pisitoni yokankha padi ikudontha, ndipo kutsuka sikuthandiza mpaka ikonzedwe. Apa samalani: mabuleki a kampani ya Shimano amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa mineral oil, pomwe ambiri a SRAM ndi Avid amafuna otchedwa DOT. Mukasakaniza, timalabala ta m'kati timafufuma n'kuonongeka. Mtundu wake umalembedwa pa kachivundikiro ka pa handulo.

Tsopano ntchito yake. Sambani m'manja ndi sopo, chifukwa ngakhale mafuta a zala amakwanira kuipitsa. Chotsani tayala, kenako kapini kogwira mapadi, muwatulutse pamodzi ndi kasipuling'i kake. Ngati buleki ndi ya mafuta, musakanikize handulo tayala lili kunja, mapisitoni angatuluke mopitirira.

Chotsukira chabwino ndi isopropyl alcohol. Funsani ku famase kapena kwa okonza mafoni, ambiri amatsukira zimenezi. Ikasowa, spiriti wa methylated amagwira ntchito. Wa surgical musiyeni, chifukwa wina amakhala ndi mafuta a nsatsi m'kati. Nyowetsani kansalu koyera kamene sikanakhudzepo girisi, pukutani disiki mbali zonse ziwiri, m'timabowo mwake ndi m'mphepete momwe, chifukwa mafuta amabisala mmenemo. Sinthani mbali ya kansalu mpaka kazituluka kopanda chikuda. Ngati oilo ndi wochuluka, yambani ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, tsukuluzani bwinobwino, iume, spiriti abwere pomaliza. Kenako peretsani disiki pang'ono ndi sandipepa wosalala kuti muchotse zotsalira za padi yakale, n'kupukutanso. M'kati mwa caliper, mmene mumakhala mapadi, namonso mupukute. Poti mwaigwira kale, werengani zolembedwa pa disikiyo: za Shimano zimayamba ndi mamilimita 1.8 ndipo zikafika 1.5 zatha ntchito.

Mapadi muwaweruze ndi maso. Ngati angochita kunyezimira pamwamba, kapena mafuta anangowadonthera pang'ono ndipo simunayende nawo nthawi yaitali, yesani kuwapulumutsa. Yalani sandipepa wa nambala 120 pa galasi kapena pamalo ena osalala, gwirani padi chafufumimba, muiperese mozungulirazungulira mpaka chonyezimira chichoke. Musagwire sandipepa m'manja, padi ingapendekeke. Fumbi lake musapumire. Pukutani ndi spiriti, muisiye iume. Koma ngati yada bii, ikuoneka yonyowa, kapena nyama yake, mbali imene imakhudza disiki, yatsala yosakwana milimita imodzi, itayeni.

Za petulo ndi moto zija, ine ndikukana. Ndikudziwa kuti ambiri amachita, ndipo nthawi zina kulira kumaleka kwa masiku angapo. Koma nyama ya padi imamatidwa pa kachitsulo kake, ndipo moto wosayezeka umafooketsa pomatapo, komanso umaotcha resin yemwe amagwirizanitsa padi yonse. Ikhoza kumatuka pamene mwamanga mwamphamvu. Kwathu kuno ndi kwachidikha, ndiye buleki yofooka imabisala, munthu n'kumati zili bwino. Imadzaululika tsiku limene mbuzi yadumphira mumsewu wa M5, kapena mukutsetsereka zitunda za msewu wochokera ku Lilongwe muli ndi katundu kumbuyo. Parafini ndi dizilo ndiye musayese n'komwe, zimasiya mafuta awoawo. Ndalama ya mapadi awiri ndi yochepa poyerekeza ndi ya kuchipatala, makamaka ngati mumanyamula anthu pa kabaza.

Mukabwezeretsa zonse, buleki sigwira bwino nthawi yomweyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Padi iyenera kupaka kansanjika kake kopyapyala pa disiki, ndipo kugwira kwenikweni kumachokera pamenepo. Pezani msewu wa tala wopanda magalimoto, m'mamawa. Palasani mwaliwiro ndithu, mangani buleki imodzi mwamphamvu mpaka liwiro la munthu woyenda pansi, koma osaima chiimire ndiponso tayala lisakhuluzike. Bwerezani ka 20, kenako buleki inayo. Muzimva mphamvu ikuwonjezeka pang'onopang'ono. Ikapanda kuwonjezeka, kapena kulira kukabwerera buleki itatentha, mafuta adakali m'kati ndipo mapadiwo apite.

Pokagula atsopano, nyamulani akalewo m'thumba, chifukwa maonekedwe ake ndi ambiri ndipo a m'sitolo sangalote. Onaninso ngati disiki yanu yalembedwa kuti resin only. Yoteroyo musaiikire mapadi achitsulo. Musanawaike, pukutaninso disiki ndi spiriti, chifukwa mapadi akale aja aipakanso poyesa paja.

Si kulira konse kumene kuli mafuta. Mukadutsa m'madzi nthawi ya dzinja, buleki imalira kwa kanthawi n'kuleka ikauma. Mchenga wa kunyanja nawo umamveka kukhwekhwereza, ndipo madzi oyera amauchotsa. Kwa mafuta kumadziwika chifukwa kumabwera pamodzi ndi kusagwira. Ulendo wina mukamathira tcheni, phimbani disiki ndi pepala loyera, dontheza oilo pang'onopang'ono pa mfundo iliyonse, n'kupukuta wotsalayo ndi nsanza yomwe ntchito yake ndi tcheni basi.