Katapila wozima pakatha mphindi 20: musathamangire kumasula pampu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wa ku Ntcheu amene amayendetsa katapila cha ku Roodepoort, kufupi ndi Johannesburg ku South Africa. Dzina ndasunga. Mwachidule akuti:

"Achimwene, ndimayendetsa D6D yakale pamalo amene tikusalaza kuti amangepo nyumba. M'mawa imalira bwinobwino, koma ndikakankha dothi mphindi 20 kapena 30 mphamvu zimatha, injini imatsokomola kenako n'kuzima. Ndikaisiya kanthawi n'kupopa kapampu ka pamanja, imaliranso. Fyuluta tasintha kawiri. Makaniko amene anabwera akuti pampu ya injekita yatha, ndipo abwana akuti ndaipha ndine. Nditani?"

Zikomo achimwene polemba. Makina anuwo sindinawaone, koma nkhani ya pampuyo ine sindikuivomera msanga.  Pampu yodyeka imafooka tsiku lonse, imavuta kuliza injini ikatentha, ndipo kupopa pamanja sikuithandiza kanthu. Yanuyo ikudzuka mukaipopera mafuta. Kwa ine imeneyo ndi njala: mafuta akufika, koma osakwanira ntchito yolemetsa. Wanjala sitim'tengera kuchipatala tisanaone ngati kukhitchini kuli moto.

D6D anayamba kuipanga mu 1977, ili ndi injini ya 3306 ya masilinda 6, yokula malita 10.5. Kwathu chilichonse choyenda pa tcheni timangoti katapila, kaya ndi Komatsu, koma yanuyo ndi Caterpillar yeniyeni, ndipo ngati ili ya zaka zoyambirirazo yadutsa zaka 40. Thanki ili kumbuyo kwa mpando wanu. Mafuta amatuluka pansi pake, kudutsa pa valavu, kuyenda m'paipi pansi pa mapazi anu, kulowa m'mafyuluta ndi m'pampu yokoka, kenako m'pampu yaikulu, ya injekita ija, imene imawakankhira ku manozo, tizitsulo topopera mafuta m'masilinda. Otsala amabwerera ku thanki. Njira yonseyi muyende nayo kuyambira kumbuyo, chifukwa zotsika mtengo zili kumbuyoko.

Choyamba, geji ya presha ya mafuta, osati yoonetsa kuchuluka kwa mafuta m'thanki. Ngati ikugwira ntchito, iyang'aneni nthawi imene mphamvu zikuyamba kutha, osati injini ikungolira chabe pamalo amodzi. Singano ikamatsika mukakankha dothi, nkhani yatha, vuto lili pampu yaikulu isanafike. Ngati geji inafa kalekale, monga zilili pa makina ambiri amene ndawaona kuno, pemphani makaniko amangepo ina yobwereka. Pa pampu za injekita za mtundu wotchedwa sleeve metering, zimene zinali pa ma 3306 ambiri a nthawi imeneyo, iyenera kuonetsa pafupifupi 200 kPa injini ikugwira ntchito.

Chachiwiri n'chaulere. Ikangozima, tsikani mutsegule chivindikiro cha thanki khutu lili pafupi. Mukamva kuti fyuu, mpweya ukulowa, ndiye kuti kabowo kopumira katsekeka. Thanki imene sikupuma imakokana ndi pampu mpaka pampu kugonja. Ndi fumbi la m'mapiri a dothi la migodi a cha kwanuko, kabowo kameneko sikachedwa kutsekeka. Yesani tsiku limodzi chivindikiro chili chomasuka pang'ono muone.

Tsopano tifike pamene ine ndikukayikira kwambiri. Tsekani valavu ya pansi pa thanki, masulani paipi, ikani ndowa, tsegulani. Mafuta ayenera kutuluka modzaza bowo, ndipo musawaone masekondi awiri okha n'kutseka. Asiyeni atuluke ndithu, mudzawabwezera mutasefa. Ngati ayamba mwamphamvu kenako n'kumadontha, m'thankimo muli chinthu chimene chikuyandama. Injini ikamakoka chimabwera kudzakhala pabowo, ikazima chimachoka. N'chifukwa chake makina otere amapenga mochita kusunga nthawi ngati wotchi.

Izi zinandichitikira ndili pa kampani ina cha ku Germiston, imene sinditchula. D7, katapila wina wokulirapo, inatizunguza mutu milungu itatu. Pampu inapita kokonzedwa, inabwerako yopentedwa bwino, ndalama zitapita, koma matenda ali omwewo. Tsiku lina mdala wina wa ku Mozambique amene ankawotcherera zitsulo anatenga tochi n'kusuzumira m'thanki titakhuthula mafuta. Anavuula ndi waya pepala la pulasitiki la buledi. Kunapezeka kuti chivindikiro chinatayika nthawi ina, wina n'kutseka pakamwapo ndi pulasitiki ndi sanza. Ine ndinali m'gulu la amene ankalumbira kuti ndi pampu, ndiye musaganize kuti ndikum'seka makaniko wanuyo. Ndaonanso masamba, zidutswa za silikoni, ndi timapepala tomatira pakamwa pa mabotolo a mankhwala othira m'dizilo. Kansefa ka pakamwa pa thanki anthu amakachotsa kuti mafuta azilowa msanga, kenako n'kumadabwa.

Ngati simukufuna kulimbana ndi thanki kaye, pali njira imene imadula mlandu pakati. Tengani chigubu choyera cha malita 20, thiranimo dizilo wogula pa filing'i siteshoni yodalirika, chimangeni bwino pamalo osagwa ndiponso kutali ndi ekizozi. Lumikizani paipi yatsopano kuchokera m'chigubumo kupita polowera mafuta pa injini, ndipo paipi yobweza mafuta ibwerere m'chigubu momwemo, apo ayi chitha msanga. Kankhani dothi kupitirira nthawi imene imazimira. Ikagwira ntchito osatsokomola, pampu ndi manozo zilibe mlandu, ndipo mwawapulumutsira abwana ndalama zambiri ndi chigubu chimodzi.

Ikakhala kuti thanki ndi yoyera, yang'anani mapaipi. Paipi ya labala yakale ili ngati nkhuyu, kunja kokoma m'kati muli nyerere. Khungu lam'kati limasupuka, pampu ikakoka limafwaphira n'kutseka njira. Ya chitsulo imakhuzika pa fulemu mpaka kuboola kabowo ngati ka singano. Chosokoneza n'chakuti mbali yokoka sidontha. Mafuta satuluka, mpweya ndi umene umalowa, ndiye mukayang'ana pali gwa, pouma. Ikani kachidutswa ka paipi yoonekera m'kati pafupi ndi injini muone ngati mukudutsa thovu. Kapampu ka pamanja kamene mukupopako nakonso kamayamwa mpweya kakakalamba, makamaka ngati simukukamanga bwino mukatha. Ndipo poti fyuluta mwasintha kawiri, imasuleni muone ngati labala yakale sinatsalire pamwamba n'kukhala ziwiri. Pa sleeve metering fyuluta imakhala mbali yokoka, choncho kusakhala bwino pang'ono pokha ndi khomo la mpweya. Funso lina loti mudzifunse: kodi imazima msanga thanki ikatsika, kapena mukamakwera chitunda? Pokwera thanki imatsikira m'munsi, pampu imakoka movutikira, ndipo kabowo kalikonse kamaonekera.

Mafyuluta awiri mwatayawo mukanawadula. Akakhalapo, adulani ndi chodulira chosatulutsa utuchi wa chitsulo, tambasulani pepala lam'katilo. Lofiirira ngati dothi la katondo ndi dzimbiri la m'thanki. Lakuda, lonanda ngati therere, ndi tizilombo timene timamera pamene madzi akumana ndi dizilo. Tating'ono tonyezimira ndi chitsulo, ndipo apo pokha mpamene ndingayambe kuda nkhawa ndi pampu.

Za madzi ndinene pang'ono, chifukwa kuno ku Joni zimatipweteka. Masana kutentha, usiku kuzizira, thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati. Onjezani mvula ya mabingu ya masana ija yoyambira mu Okutobala, ndi migolo yosiyidwa chiimire madzi atadikha pamwamba. Malangizo akale a makina amenewa ndi oti muzidzaza thanki madzulo, m'mawa n'kutsegula kampopi ka pansi kuti madzi ndi zinyalala zituluke. Ndikudziwa, abwana ambiri safuna kugoneka makina ali odzaza chifukwa usiku dizilo amamera miyendo. Chabwino, koma kutsegula kampopi m'mawa palibe angakuletseni. Tungirani m'botolo loonekera, madzi amakhala pansi. Pampu ya sleeve metering m'kati mwake monse mumadzaza dizilo, ndi amene amaifewetsa m'malo mwa oyilo, ndiye madzi akalowa amadya chilichonse mpaka gavana, kachipangizo kolamulira liwiro la injini.

N'chimodzimodzi palafini. Muno mu South Africa palafini alibe msonkho wa mafuta a galimoto umene dizilo ali nawo, choncho anthu ena osaopa Mulungu amasakaniza n'kumagulitsa motchipa. Injini imalira ndithu, koma palafini ndi wouma, amapala tizitsulo ta m'pampu pang'onopang'ono. Ngati pa saiti yanu mafuta amabwera ndi kagalimoto kosadziwika, mtengo wake wokoma modabwitsa, tungani pang'ono m'botolo loyera. Malo oyeza ngati WearCheck amatha kuona ngati muli palafini kapena madzi. Mphuno yokha musaidalire.

Utsi simunaunene, koma ndi mboni yabwino. Injini yanjala imafa mwakachetechete, utsi wochepa, mwina koyererako pang'ono pamene ikutsokomola. Ikamafooka ikufuka wakuda, imeneyo si njala ya mafuta koma ya mpweya: onani fyuluta ya mpweya ndi turbo. Kumbukirani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka poyerekeza ndi wa ku Durban. Turbo imabweza zambiri, koma fyuluta yotsekeka kuno imapweteka msanga. Onaninso geji ya kutentha ndi ya giya. Makina amene akuwira kapena giya imene ikugwira zimathanso kufoola injini, ngakhale zimenezo sizichira ndi kupopa. Muyang'anenso oyilo wa mu injini. Ngati akukwera yekha n'kumanunkha dizilo, imitsani makinawo, pali silo, labala yotchinga kudontha, imene yaboola.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, geji sikutsika, chigubu sichinasinthe kanthu, ndiye tikhoza kukamba za kutsogolo. Injini ikulira pang'onopang'ono, masulani nati ya paipi ya nozo imodzi imodzi. Kulira kukasintha, silinda imeneyo ikugwira. Kukapanda kusintha, mwaipeza yogona. Manozo amayezedwa pa benchi, makina oyezera a akatswiri a mapampu, ndipo mtengo wake sufanana n'komwe ndi wa pampu. Pochita zimenezi bulaidi ikhale pansi, buleki yomanga, ndipo dzanja lisayandikire pamene pakufwenthera. Dizilo wa pamenepo amaboola khungu, kabala kake kamaoneka ngati kobayidwa ndi minga, koma ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, anthu adulidwapo zala. Mankhwala opopera aja olizira injini asiyeni. Sachiza njala, ndipo ngati yanu ili ndi mapulagi otenthetsera, amaphulika nthawi yosayenera.

Pampu yokha musaitsegule pa saiti, ngakhale wina atakuuzani kuti pali kasikulu kowonjezera mphamvu. Fumbi limene diso silingaone ndi lokwanira kuiwononga, ndipo gavana wobwezedwa molakwika amathamangitsa injini mpaka kudzipha. Ipite kwa a benchi, mabowo onse atatsekedwa. Asanagule chilichonse, lembani nambala ya makina ndi ya injini zimene zili pa timapuleti, chifukwa ma 3306 sanali ndi pampu ya mtundu umodzi. A Barloworld Equipment ku Isando, amene amagulitsa za Caterpillar kuno, adzakufunsani manambala omwewo.

Za abwana anuwo, musakangane nawo pakamwa. Woyendetsa saipha pampu ndi mayendetsedwe, imaphedwa ndi zimene zathiridwa m'thanki. Apempheni mwaulemu maola awiri okha ndi chigubu chimodzi cha dizilo, makaniko uja akhalepo, iwonso aone ndi maso. Jambulani pa foni mafuta akutuluka pansi pa thanki, botolo la m'mawa lija, ndi geji pamene ikuzima. Mukatero munditumizire zithunzizo pamodzi ndi nambala ya injini, ndipo mundiuze ngati kansefa ka pakamwa pa thanki kalipo.