Madisiki 8 a 4TB musawamange pa RAID 5

Achimwene, mwati muli ndi madisiki 8 a 4TB, a 7200 RPM (ozungulira ka 7200 pa miniti), ndipo mukufuna kuwamanga onse pa RAID 5 (njira yophatikiza madisiki imene imapirira imodzi yokha itafa), ikhale volume imodzi yosungamo database ya SQL Server, ma VM (makompyuta ongoyerekezera okhala mkati mwa seva) ndi mafayilo a antchito. Za mtundu wa seva yoti mugule akuyankhani ena. Ine ndili pa madisikiwo, ndipo ndikuti musatero ayi.

Amene akukulimbikitsani RAID 5 akungowerenga ma terabyte. Inde mupeza 28TB, pomwe RAID 10 (imene imalemba data iliyonse pa madisiki awiri) ikupatsani 16TB yokha. Koma database imalira IOPS (kuchuluka kwa ntchito zowerenga ndi kulemba pa sekondi) kuposa malo. Disiki ya 7200 RPM imapereka IOPS cha m'ma 80, ndiye onse 8 ndi pafupifupi 640. Pa RAID 5 kulemba kamodzi kumadya ntchito zinayi: kuwerenga data yakale, kuwerenga parity yakale (data yothandiza kubwezeretsa za pa disiki yakufa), kenako kulemba zatsopano zonse ziwiri. Polemba mumatsala ndi 160 basi. Pa RAID 10 ntchito ndi ziwiri, mumatsala ndi 320. Mwezi ukamatha, a ku accounts akamakonza malipiro, foni yanu sidzapuma ndi madandaulo oti seva ikuchedwa.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi rebuild, kumanganso data pa disiki yatsopano ina ikafa. Pakampani ina pomwe ndinkagwira ntchito, disiki imodzi ya pa RAID 5 inayatsa nyali yachikasu. Tinailowetsa yatsopano, rebuild n'kuyamba. Kuti imange yatsopanoyo, controller (chipangizo choyendetsa RAID) imawerenga kachigawo kalikonse ka madisiki onse otsala, ndipo onsewo anali ogulidwa tsiku limodzi, anakalambira pamodzi. Rebuild isanathe, yachiwiri nayo inafa, volume yonse n'kupita. Tinabwerera ku backup ya usiku, ndipo ma invoice a tsiku lonse anthu anawalowetsanso pamanja, akuyang'ana pamapepala mpaka mdima. Disiki ikakula, rebuild imatalika; ya 4TB pa seva yotanganidwa ikhoza kudya tsiku lathunthu kapena kupitirira, nthawi yonseyo mulibe chitetezo.

Ndikanakhala inu, database ndikanaichotseratu pa madisiki ozungulirawo. Gulani ma SSD awiri a enterprise okhala ndi power loss protection (chitetezo cha data magetsi akathima), muwaike pa RAID 1, pomwe ina imakhala kope la inzake.  Ma SSD a m'malaputopu asiyeni, magetsi akathima mwadzidzidzi amatha kutaya zimene anali asanamalize kulemba. Pa madisiki 8 aja, 7 muwaike pa RAID 6 ya mafayilo, mupeza 20TB ndipo imapirira awiri atafa, yotsalayo ikhale hot spare, disiki yodikirira m'seva momwemo kulowa m'malo mwa yakufa. Ngati ndalama ya SSD palibe, onse 8 apite pa RAID 10, nkhani ya malo muiiwale.

Musanamizidwe ndi ma partition, zigawo zodulidwa pa volume imodzi. Kudula D: ya data ndi E: ya log pa madisiki omwewo sikugawa ntchito, mitu yowerengera ya m'madisikiwo ndi yomweyo. Volume ya SQL Server muifomate ndi allocation unit (kukula kwa tizigawo tosungiramo data) ya 64KB, ndipo musaidzaze thothotho, muzisiya cha m'ma 20 peresenti.

Onaninso batire ya cache (memory yosungamo data kwakanthawi) pa controller. Ikafooka, ma controller ambiri amasiya write-back (kuyamba kulemba mu cache) n'kulowa write-through (kudikira disiki ilembe) osakuuzani, seva n'kuyamba kukwawa, inu n'kumaimba mlandu netiweki. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, UPS (chipangizo chosunga magetsi) ikhale yotha kuzimitsa seva payokha batire yake isanatheretu.

Musanamange chilichonse, fufuzani nambala ya model ya madisikiwo muone ngati ali CMR osati SMR (mitundu iwiri ya kalembedwe ka data pa disiki). A SMR amachedwa koopsa pa rebuild, ena mpaka controller imawataya. Ndipo mukamaitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena Dubai, onjezerani imodzi yokhala pashelefu, chifukwa ikafa ina mudzadikira milungu kuti yolowa m'malo ifike.