Ntchito ikafunika msanga: yankho kwa mdzukulu wa ku Chinamwali

Mnyamata wina wa ku Chinamwali, ku Zomba, watibweretsera nkhawa yake. Sitolo ya zipangizo zomangira imene wagwirako zaka zitatu idachepetsa antchito mwezi watha, ndipo iye adali mmodzi mwa ochotsedwa. Ali ndi MSCE, mkazi wake ndi woyembekezera, lendi yatsalira. Makalata walemba ambiri koma palibe wamuyitana. Akufunsa kuti achite chiyani kuti ntchito ipezeke msanga.

Mdzukulu wathu, tamva, ndipo pepa. Yamba wamvetsa kuti kalata yofunsira ntchito siyenda pa liwiro la njala. Bungwe likalengeza m'nyuzipepala limapereka masabata awiri kapena atatu olandirira makalata, kenako lisankhe mayina, liyitane anthu ku intavyu, lifunse okuchitira umboni, ndipo malipiro oyamba udzawaone kumapeto kwa mwezi umene wayamba. Zonse zitayenda bwino, miyezi iwiri kapena itatu yatha. Ku boma zimaposa pamenepo. Choncho uyende njira ziwiri pa nthawi imodzi: m'mawa usake ndalama ya ufa wa sabata ino, masana ulembe makalata a ntchito yokhazikika.

Usanapite kwina kulikonse, bwerera kumene udachokera. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limakupatsa ufulu wopempha kalata yosonyeza nthawi imene wagwira ndi udindo umene udali nawo. Limanenanso kuti munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, ngati wagwira pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 5, alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu. Kwa iwe amenewo ndi malipiro a masabata 6, okwanira kuziziritsa mtima wa mwini nyumba. Ngati sadakupatse, kapemphe mwaulemu, ndipo akakana upite ku ofesi ya zantchito ya boma kuno ku Zomba. Usakatukwane pageti. Bwana wakaleyo ndiye woyamba amene bwana watsopano adzamuimbire foni, ndipo akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tsiku lotsatira ulipereke lonse ku mapepala. Anthu ambiri mwayi umawadutsa chifukwa auzidwa Lachiwiri kuti abweretse zonse Lachitatu, iwo n'kuyamba kufunafuna setifiketi m'sutikesi ya kumudzi. Chita fotokope setifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika, makope 10 chilichonse. Atatu kapena anayi ukadinditse kwa loya kapena kwa majisitireti, chifukwa maofesi ena salandira kope yopanda chidindo. Jambulitsa zithunzi zazing'ono zinayi. CV ikhale tsamba limodzi, ikachuluka awiri, ndipo inene zimene manja ako adachita: kulandira katundu, kuwerenga matumba a simenti, kulemba malisiti, kutseka ndalama madzulo. Mawu akuti ndine wolimbikira ndi wokhulupirika aliyense amalemba, sathandiza. Uwuze wa pamalo olembera makalata akusungire zonsezi mu foni ngati PDF, kuti wina akati tumiza pa WhatsApp kapena pa imelo utumize nthawi yomweyo. Setifiketi yeniyeni imangoonetsedwa, sisiyidwa m'manja mwa munthu.

Nambala ya foni imene walemba pa CV ikhale yako, yoyaka usana wonse. Wolemba ntchito amene ali ndi mayina 15 patebulo akaimba kawiri osakupeza amapita ku dzina lotsatira. Magetsi akavuta, katchajitse pamsika. Nambala yachilendo ikaimba, yankha ndi moni ndi dzina lako, osati "ndani?" Okuchitira umboni atatu oti aikidwe pa CV uwapemphe kaye usanalembe mayina awo. Zimachititsa manyazi mphunzitsi wako wakale akaimbiridwa n'kumafunsa kuti mukunena mwana uti.

Tsopano uidziwe tauni yako. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma Zomba idakhalabe tauni ya boma ndi sukulu: bungwe la mayeso la MANEB, ofesi ya kalembera ya National Statistical Office, yunivesite, chipatala chachikulu, ndende, asilikali a ku Cobbe Barracks. Mafakitale ndi ochepa. M'maofesi amenewa salemba munthu pageti, amadikira chilengezo, ndiye kuzungulira ndi envelopu m'makonde mwawo n'kungotha nsapato. Ntchito yachangu ili kwa anthu amene amadyera pa maofesiwo: omanga nyumba ku Matawale, eni mahositelo a ophunzira ku Chikanda, masitolo a m'tauni, malo ogona alendo, sukulu zomwe si zaboma, makampani a alonda. Kumeneko mwini wake akhoza kukuona lero n'kunena kuti uyambe mawa.

Kwa iwe makamaka, chuma chako ndi amisiri amene unkawagulitsa misomali ndi malata. Amakudziwa nkhope, amadziwa kuti sunkabera pa sikelo. Pamalo omanga pamafunika munthu wosunga katundu, wodziwa kulemba kuti matumba angati alowa, angati atuluka. Fika pamalopo 6 koloko m'mawa, kapitawo asanagawe ntchito, utavala zogwirira ntchito. Ukafika 9 koloko upeza malo atha. Ngati pali ganyu yoponda dothi kapena kutunga madzi basi, itenge, pakuti kapitawo amasankha wosunga makiyi pakati pa anthu amene wawaona akugwira. Koma mugwirizane mtengo musanayambe: ndi zingati, pa tsiku kapena pa ntchito yonse, ulandira liti, chakudya cha masana ndi cha ndani. Mikangano yambiri ya ganyu imabadwa pa mawu akuti tidzaonana.

Khala pansi ndi kope ulembe mayina a anthu 20 okudziwa: amalume, akulu ampingo kapena a kumzikiti, aphunzitsi, anzako a kusukulu amene ali pantchito, makasitomala akale. Kwa akuluakulu pita wekha, usatumize uthenga wa pafoni. Upereke moni wokwanira, ukhale pansi, kenako unene chimene wadzera mosazungulira. Apa ndi pamene achinyamata ambiri mumalakwitsa. Mumati "mundipezereko ntchito ina iliyonse," ndipo munthu sadziwa poyambira, mawa waiwala. Nena kuti ndimadziwa kusunga katundu ndi kugulitsa m'sitolo, mukamva pofunika wotero mundikumbukire, n'kusiya kope ya CV. Ulendo umenewo usapemphenso ndalama, chifukwa akakupatsa ya minibasi aziona ngati akuthandiza kale. Pamaliro si pofunsira ntchito. Gwira nawo ntchito ya pamaliropo, nkhani yako udzawapeze nayo kunyumba.

M'masitolo ndi m'maofesi ang'onoang'ono pita chapakati pa sabata, m'mawa atangotsegula. Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi mwini wake alibe nthawi ya mlendo wosagula. Mlonda ndi mlembi uwalemekeze ngati bwana, pakuti ndiwo amadziwa amene wasiya ntchito dzulo, ndiponso envelopu yako idzera m'manja mwawo. Ulembe m'kope tsiku ndi munthu amene wamusiyira, ubwerenso pakatha sabata, kamodzi kokha. Ku Blantyre, ngakhale ndi pafupi, usakwere minibasi yongoyesa mwayi. Upite utaitanidwa kapena utapangana ndi munthu.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: munthu wofulumira ndiye nyama ya akamberembere. Wina adzakuimbira kuti dzina lako latuluka, tumiza ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya abwana pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Usatumize ngakhale tambala. Ntchito yeniyeni sigulidwa, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Amene akulonjeza ntchito yakunja n'kufuna kusunga pasipoti yako, kumbukira amayi a kuno kwathu amene adavutika ku Oman atalonjezedwa zabwino. Funsa kaye ku ofesi ya zantchito ngati munthuyo ndi wovomerezeka. Kwa alongo ako amene akuwerenga nawo: intavyu ya madzulo kumalo ogona alendo si intavyu. Katapila nayenso umupewe, chifukwa chiwongoladzanja chake chidzadya malipiro amene sunayambe n'kulandira. Kuli bwino upite kwa mwini nyumba iye asanabwere kwa iwe, umupatse kochepa kamene uli nako, umuuze tsiku lenileni la kotsalako.

Akakuuza kuti uyambe, funsa malipiro, maola ndi tsiku lopuma usanavomere, ndipo upemphe kuti zilembedwe, ngakhale pa pepala limodzi losainidwa ndi nonse awiri. Ukalowa ntchito yongogwirizira, makalata aja usasiye kulemba. Yabwino ikapezeka, amene adakutola pa nthawi yovutayi uwauze nthawi ilipo, uwerengetse katundu wawo pamaso pawo, ubweze makiyi, uwapemphenso kalata ya umboni.