Mbuzi ibayidwe pantchafu kapena pakhosi?

Mayi wina wandilembera imelo kuti mbuzi yake ikutsokomola, mankhwala obaya a oxytetracycline agula kale, koma sakudziwa pobaya. Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa ntchafu ya mbuzi inandigwetsapo misozi ine.

Ndinali ndi thadzi la mbuzi loyera lamawanga akuda limene mayi anga anandipatsa nditangolowa m'banja. Chaka china mvula itangogwa linayamba kutuluka mamina, kupuma mobanika, msipu osaufuna. Alangizi a ziweto anali kutali. Ndinathamangira kumsika, munthu wina nkunditungira mankhwala achikasu m'kabotolo kopanda cholembedwa chilichonse, nkuti, "Kabayeni kuthako, ichira." Madzulo mwana wanga atagwira nyanga, ndinabaya kumbuyo kwa ntchafu, pamene panaoneka ponenepa. Kulira kumene inalira mbuziyo ndimakumvabe mpaka lero. M'mawa mwake mwendo unkangokhwekhwerezeka, phazi litapindikira kumbuyo, ikupondera pamwamba pa chiboda. Pomatha milungu iwiri chikopa cha pamenepo chinali chitanyuka, ntchentche zili nyomi.

Alangizi atafika anandionetsa ndi chala: kumbuyo kwa ntchafu kumadutsa mtsempha waukulu woyendetsa mwendo wonse. Mbuzi zathu zamakolo n'zochepa mnofu, ndiye singano sichedwa kuupeza, komanso mankhwala amenewa amaotcha pamene alowa. Miyezi iwiri ndinkaiyalira udzu wouma, kuimanga phazi ndi kansalu kotsuka bwino, kuithyolera lukina, kuiikira madeya ndi madzi pafupi ndi pakamwa. Inayendanso, koma motsimphina mpaka kufa kwake.

Ndiye ndinene mosabisa: kugulitsa mankhwala a ziweto otungira m'kabotolo kopanda pepala n'kulakwa, ndipo kuyenera kutha. Papepalapo ndi pamene pali mphamvu ya mankhwala, mlingo wake, tsiku lothera ntchito, ndiponso masiku odikira musanaphe kapena kukama. Kwa oxytetracycline wokhalitsa m'thupi kudikirako kumakhala pafupifupi milungu inayi pa nyama. Koma ife timatani? Mbuzi ikapanda kuchira lero, mawa yagulitsidwa kwa wakanyenya, ana athu nkumadya mankhwala limodzi ndi nyamayo. Zimandiwawa kwambiri.

China, tazolowera kuti matenda aliwonse ndi jakisoni. Mbuzi yowonda, yotupa kunsi kwa chibwano, imene mukatembenuza chikope mkati muli mbee, kawirikawiri imakhala kuti yatha magazi ndi njoka za m'mimba. Oxytetracycline sapha njoka ngakhale mubaye botolo lonse. Imeneyo imafuna mankhwala omwetsa monga albendazole, pang'onopang'ono pamwamba pa lilime, mutu osaupendeketsa m'mwamba kuopa kuti angalowe m'mapapo, ndipo osaipatsa ikangotenga bere kumene. Ngakhale katemera wa chitopa wa I-2 uja safuna singano, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku basi.

Nanga mubaye bwanji?

Pakhosi, Mayi. Yambani mwaiyeza: ikoleni m'thumba, mupachike pa sikelo ya ogula soya ija. Ngati botolo lanu lalembedwa 20% LA (LA kutanthauza wokhalitsa m'thupi uja), mlingo ndi 1 ml pa makilogalamu 10 aliwonse, choncho mbuzi ya makilogalamu 25 ilandira 2.5 ml, malo amodzi musapitirire 5 ml. Singano ikhale yatsopano, ya geji (nambala ya kunenepa kwa singano) 18 kwa mbuzi yaikulu, 20 kwa kamwana. Wina aigwire molimba. Pezani mnofu wa m'mbali mwa khosi, patsogolo pa phewa, pamwamba pa mafupa a khosi koma osafika pamsana pake penipeni. Lowetsani singano mowongoka, kokani pang'ono chokankhira cha sirinji. Mukaona magazi tulutsani, musunthe malo. Mukatha sisitani pang'ono, mulembe tsikulo pakalendala.

Kenako ipatuleni kwa zinzake, pouma, popanda mphepo, madzi ndi masamba zili pafupi. Pakapita masiku awiri ikupumabe movutika, kapena ina m'khola yayambanso kutsokomola, musaonjezere mlingo nokha, itanani alangizi adzaione.