Sukulu ya pakanema ili ndi dziwe losambiramo, yathu ili ndi mjigo

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 2 pasekondale yoyendera, ndipo chiyambireni kuonera sewero la pakanema la ku South Africa lotchedwa Blood & Water pafoni ya mchimwene wake, wayamba kumanena kuti sukulu yake "si sukulu yeniyeni." Mayiwa akufunsa ngati kuli bwino kumuletsa masewero a ana a sukuluwa.

Mayi, ndikuyankhani, koma mundipirire kaye, chifukwa mawu a mwana wanuwo andikanda pachilonda chakale. Inenso ndinawayankhulapo mawu omwewo, ndipo nthawiyo kunalibe Netflix, kunalibe foni zam'manja, ngakhale TVM inali isanayambe, poti ija inatsegulidwa mu 1999.

Chomwe chinandisokoneza mutu ine chinali kalendala. Inali pakhoma m'golosale ina kwathu, ndipo inali ndi chithunzi cha Kamuzu Academy, sukulu ija Kamuzu anatsegula ku Mtunthama mu 1981. Kapinga wometedwa ngati mutu wa msilikali, nyumba za njerwa zofiira, ana ovala majekete. Tinkamva kuti kumeneko amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ine dzina langa linali lisanatuluke pa mndandanda wa osankhidwa, ndiye ndinkapita ku MCDE, zija pambuyo pake anazisandutsa ma CDSS. Tinkaphunzirira m'tchalitchi chakale, ofulumira pabenchi, ochedwa pansi. Akandituma sopo kugolosaleko ndinkazengereza dala kuti maso adye. Mwezi unatha, wina n'kutha, mwini golosale osatembenuza tsamba. Kaya naye chinkamukomera.

Tsiku lina madzulo bambo anandifunsa kuti kusukulu kukuyenda bwanji. Bambo anga anali telala wapakhonde, ndipo fizi yanga inkachokera m'mayunifolomu a ana a eni. Ndinawayankha kuti, "Aa, nanga imene ija ndi sukulu?" Sanasiye kupalasa makina. Anamaliza msoko wonse, n'kudula ulusi ndi mano, kenako osandiyang'ana n'komwe anati, "Ndiye ndalama ndikulipirazi nazonso si zenizeni?" Sanandimenye. Bola akanandimenya, chifukwa mkwapulo umapola msanga. Anamwalira ndisanapepese, ndipo mpaka lero ndikadutsa pakhonde la telala ndimafulumizitsa mwendo.

Ndiye mukamati vuto ndi foni, mayi, mtima wanga ukukana. Foniyo yangolowa m'malo mwa kalendala ija.

Zaka zinapita, ine yemwe ndinkanyoza sukulu uja ndinadzagwira choko. Ndinaphunzitsa zaka 11 pa CDSS ina kumudzi, ndipo kumeneko n'komwe ndinayamba kukangana ndi anthu za masewero a pakanema. Mlamu wanga wa ku Joni anabwera ndi matepi a Yizo Yizo. Amene simunaonereko, limeneli ndi sewero la ku South Africa lomwe linayamba kuonetsedwa pa SABC1 mu 1999, ndipo unduna wa zamaphunziro wa komweko unaikapo dzanja kuti lipangidwe. Nkhani yake ndi ya sukulu yopeka yotchedwa Supatsela High: mawindo osweka, aphunzitsi otaya mtima, chamba, mfuti, ndi zigawenga ziwiri, Papa Action ndi Chester, zomwe zinkaopseza sukulu yonse. Pali pena pomwe mwana akumumiza mutu m'chimbudzi. Mu 2001, chigawo chachiwiri chitatuluka, anaonetsa Chester akugwiriridwa kundende, ndipo aphungu ena a nyumba ya malamulo ya dzikolo anafuna kuti sewerolo lichotsedwe pakanema. Chikhalirecho cholinga cha malo amenewo chinali kuuza anyamata otengeka ndi uchigawenga kuti kundende kulibe ulemu womwe amauganizira.

Tinaonera matepiwo kunyumba kwanga ndi batire la galimoto, aphunzitsi asanu. Ahedi athu anaonera gawo limodzi lokha n'kudzuka, akuti zolaula, zoononga ana, ndipo anandichenjeza kuti mwana wa sukulu aliyense asadzapezeke pakhomo panga matepiwo akuseweredwa. Ndinamvera. Teremu yomweyo mtsikana wa Fomu 3, yemwe ankakhoza masamu kuposa anyamata onse, anasiya sukulu ali ndi pakati. Mu stafu tonse tinkadziwa mwini mimbayo, tinkamwa naye tiyi pa buleki tsiku ndi tsiku. Anangomusamutsira kusukulu ina. Palibe amene anadzuka pampando kunena kuti zolaula. Inenso sindinadzuke, ndisadziyeretse.

Poyamba ndimafuna kulemba kuti mwina ife akuluakulu timalakwitsa posankha zodandaula nazo. Ayi, "mwina" ameneyo ndamuchotsa. Timalakwitsa basi. Sewero likaonetsa zomwe zikuchitikadi kuseri kwa kalasi timalusa, timati litiphunzitsira ana makhalidwe oipa, ngati kuti anawo sakuziona ndi maso awo Lolemba mpaka Lachisanu. Koma sewero likaonetsa ana olemera akusambira, bola asapsompsonane pomwe ife tikudutsa pabalaza, timaliona ngati labwinobwino. Pomwe ndi limeneli lomwe limamudya mwana m'kati mwakachetechete.

Blood & Water ndinaionera, musaganize kuti ndikunyoza chinthu chomwe sindikuchidziwa. Inatuluka mu 2020, ndipo nkhani yake ndi yogwira mtima ndithu: mtsikana Puleng akusamukira ku Parkhurst College ku Cape Town chifukwa akukayikira kuti katswiri wosambira wa pasukulupo, Fikile, ndi mchemwali wake yemwe anabedwa ali khanda. Muli kuba ana, muli katangale, muli makolo abodza. Tinganene kuti sewerolo likuphunzitsa mwambi wathu uja, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma taonani kamera. Pakamwa akunena za nyerere, kamera ikunyambita khungu la nkhuyu: dziwe la madzi oyera, magalimoto, maphwando m'nyumba za magalasi, yunifolomu yokhala ngati anasokera pathupi. Mwana wa zaka 15 akazimitsa foni, za nyerere zija waiwala. Chomwe chatsala m'maso ndi dziwe, ndiye mawa lake akukaima pamzere wa pamjigo.

Ndipo Parkhurst College kulibe, n'njopeka. Ana ambiri a ku South Africa komweko sanapondepo pasukulu yotero. Amene munakhalako ku Joni mundichitira umboni.

N'chifukwa chake ine, ngakhale anzanga amandiseka, ndimaikira kumbuyo Skeem Saam. Inayamba mu 2011, nkhani yake ili ku Turfloop m'chigawo cha Limpopo, ndipo ambiri tinaidziwira pa madikoda otchipa aja tinkaonera SABC mwaulere. Inde imatalikitsa nkhani, chinthu chotha masiku awiri amachikoka mwezi wathunthu. Koma ana ake amaopa mayeso. Amadikira zotsatira za matric mimba ikuwawa, ngati mmene ife timadikirira MANEB. MaNtuli akamakalipira ana ake, ndimaona azakhali anga enieni. Mwana akaonera zimenezo sachita manyazi ndi kwawo.

Ndipatukeko pang'ono. Chaka chatha mwana wa mlongo wanga anandiikira Abbott Elementary pa kompyuta, sewero lanthabwala la ku America lomwe analemba Quinta Brunson, linayamba mu 2021. Ndi la aphunzitsi a pasukulu yaboma yosauka mumzinda wa Philadelphia. Gawo loyamba lonse, mphunzitsi akulimbana ndi akuluakulu kuti amugulire kapeti yoti ana azikhalapo. Kapeti! Ndinaseka mpaka kutsamwa, ndikukumbukira chaka chomwe ndinaphunzitsa Fomu 1 pansi pa mtengo wa mango, bolodi titaliyedzamiritsa pa thunthu, mvula ikayamba piriyodi yatha. Koma nditatha kuseka ndinakhala chete, chifukwa nkhope ya mphunzitsi uja ndinaidziwa. Kupempha chinthu chaching'ono kwa munthu yemwe wadya kale ndalama yake, kutulutsa za m'thumba mwako kugulira ana a eni, mayi wachikulire uja yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ndipo sadabwanso ndi kanthu. Tinali naye wathu wotero, ankabwera ndi choko chakechake m'chikwama ndipo sankabwereketsa. Umphawi wawo ndi wathu n'ngosiyana kutalika, koma sewerolo silinamize aliyense kuti uphunzitsi ndi wofewa, komanso silichititsa manyazi sukuluyo. Limaiseka uku likuikonda.

Kuseka kwina n'kosiyana. Ambiri a msinkhu wanga tinakulira Mind Your Language, ya ku Britain ija ya m'ma 1977, ya Mr Brown ndi kalasi yake ya alendo ophunzira Chingerezi. Tinkagubuduka nayo. Ndinadzaioneranso ndili mphunzitsi ndipo inandiwawa, chifukwa nthabwala yonse ndi yoti munthu akulephera kutchula mawu. Ndi mmenenso tinkasekerana m'kalasi wina akasokoneza L ndi R, mpaka mwana kusiyiratu kukweza dzanja. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga sewero lathu lili kuti?

Apa ndiye pomwe ndimapsa mtima zenizeni. Mwana wanuyo akuonera sukulu ya ku Cape Town chifukwa palibe yemwe wamujambulira yake. Ndipo si kuti nkhani tilibe. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, aphunzitsi analembedwa mwachangu n'kuponyedwa m'makalasi atangophunzitsidwa pang'ono. Limenelo si sewero? Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa cha likasa, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Tangoganizani gawo limodzi lokha la usiku womwe mapepala akuzungulira pa WhatsApp, mwana wa abusa akulimbana ndi mtima wake kuti atsegule kapena ayi. Nanga tizi ya ma Fomu 1 kusukulu zogonera konko, nyemba za anankafumbwe, mgaiwa wosapsa, atsikana a selofu ochita lendi kachipinda kuseri kwa malo omwera mowa, mphunzitsi wodikira malipiro pomwe ngongole ya pagolosale yafika m'khosi, komiti ya makolo yokangana za ndalama ya chitukuko. Muli misozi, muli phwete.

Aluso nawo tili nawo. Aliyense amene anapitako ku mipikisano ya zisudzo ya ATEM akudziwa zomwe ana a sekondale amatha kuchita ndi nsalu imodzi ndi mpando. Dziko lomwe linabala Izeki ndi Jakobo, lomwe lakhala likuonera Tikuferanji zaka zonsezi, silingalephere kulemba za kalasi. Chomwe chimatipha, mmene ndikuonera ine, ndi gwero la ndalama. Masewero athu ambiri okhudza achinyamata amalipiridwa ndi mabungwe, ndipo bungwe limabwera ndi uthenga wake m'manja. Ndiye mwana wa m'seweromo sayankhula ngati mwana, amayankhula ngati chikwangwani cha pamsewu. Mtsikana akangomwetulira mnyamata mu gawo loyamba, tonse tikudziwa kuti gawo lachitatu ali ndi mimba ndipo gawo lachinayi kukubwera mlangizi. Ana si opusa. Akanunkhiza ulaliki amasintha tchanelo, n'kubwerera ku dziwe lija, komwe ngakhale zonse n'zabodza koma palibe akuwalalikira.

Ndinayesapo kulemba langa, ndisabise. Makope awiri odzaza, nkhani ya CDSS yopeka ya m'mphepete mwa dambo. Ndinalionetsa kwa munthu wina wodziwa za kanema, anawerenga masamba angapo n'kundifunsa kuti, "Uthenga wake ndi wotani?" Ndinati ulibe, ndi ana chabe ndi aphunzitsi awo. Anandibwezera makopewo mwaulemu kwambiri. Ali m'sutikesi pansi pa bedi, mphemvu zikuwerenga.

Ndatalikitsa, mayi, pepani. Za mwana wanu.

Musamuletse. Mukamulanda foni akaonera kwa mnzake, ndipo inu mudzakhala mutataya mwayi womva zomwe zili m'mutu mwake. Koma dziwani kuti Blood & Water ili ndi za kugonana, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, si ya mwana wa pulayimale, ndiye ngati pali ang'ono ake asamaonere nawo. Khalani naye pansi muonere limodzi gawo limodzi kapena awiri, ngakhale zikunyanseni, ndipo pakutha musamulalikire. Mufunseni kuti pa ana onse aja ndani akufanana ndi anzake a m'kalasi, ndiponso ngati waonapo wina mwa iwo atatsegula kope. Masiku a sukulu foni ibwerere kwa mwini wake nthawi yowerenga ikakwana, za masewero Loweruka.

Ndipo akadzanenanso kuti sukulu yake si yeniyeni, musamuyankhe ngati mmene anandiyankhira bambo anga, ngakhale anali ndi zifukwa zawo. Mufunseni chomwe chikusowa. Mwina atchula dziwe, ndiye museke naye. Koma mwina atchula kuti teremu yonse alibe mphunzitsi wa Biology, kapena kuti buku limodzi akugawana anthu khumi, kapena kuti pali mphunzitsi wina yemwe amamuitana ku ofesi anzake ataweruka. Zikakhala zimenezo, Lolemba m'mawa muvale chitenje chanu mukaonane ndi ahedi.