Funsani: kaduwa ka periwinkle kamachizadi khansa?

FUNSO: Moni akonzi. Pagulu lathu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi wina anaponyapo kavidiyo koti kaduwa kaja ka periwinkle, kapinki kapena koyera, komwe kamangomera paliponse ngakhale m'mbali mwa ngalande, ndi komwe azungu amapangira mankhwala a khansa. Apongozi anga ali ndi shuga ndiye ayamba kale kuwiritsa masamba ake nkumamwa m'mawa uliwonse, akuti akuphera mbalame ziwiri. Zoona zake nziti? — Mayi a ku Chilomoni

YANKHO: Zikomo mayi. Kavidiyoko sikanama kwenikweni ayi, kangokuuzani theka la nkhani, ndipo theka lomwe kasiyalo ndi lomwe lingawapweteke apongozi anuwo.

Kaduwaka kwawo ndi ku Madagascar, dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus. Poyamba Carl Linnaeus anakatcha Vinca rosea, kenako akatswiri anaona kuti sikofanana ndi ma Vinca a ku Ulaya nkukasamutsira ku gulu lake, koma dzina lakalelo linakakamira pa mankhwala, nchifukwa chake mumamva vincristine ndi vinblastine, mankhwala awiri a khansa ochokera ku kaduwaka.

Chosangalatsa nchakuti asayansi nawonso anayambira pomwe ayambira apongozi anupa, pa shuga. Mu 1952 masamba ena anatumizidwa ku Canada kuchokera ku Jamaica, komwe anthu ankamwa tiyi wake ati kutsitsa shuga. Robert Noble wa ku University of Western Ontario anayesa pa nyama, shuga osatsika. Atabaya makoswe jakisoni wa madzi a masambawo, maselo oyera a m'magazi, asilikali a m'thupi aja, anatsika koopsa mpaka makoswe kumafa ndi matenda ena. Apa mpamene anaganiza kuti, nanga chinthu chopha maselo oyera sichingathandize pa khansa ya m'magazi yomwe maselo omwewo amachulukana mopanda malire? Iye ndi Charles Beer anapatula vinblastine mu 1958, kampani ya Eli Lilly nkupeza vincristine yemwe analoledwa ku America mu 1963. Mankhwalawa amagwira selo pa nthawi yoti ligawikane pawiri, amasokoneza timaulusi tomwe timakoka mbali ziwirizo, selo nkufa. Kuno kwathu vincristine alipo pa mankhwala omwe ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada ndi mimba ija, amalandira.

Tsono vuto lili apa. M'masamba amenewa muli ma alkaloid, makemikolo amphamvu omwe chomera chimapanga chokha, oposa 100, ndipo awiri a khansawo ndi ochepetsetsa moti pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba owuma kuti mupeze galamu imodzi yokha. Ndiye m'kapu ya apongozi mulibe mlingo woti nkuchiza khansa, muli chisakanizo cha enawo chomwe palibe anachiyeza, lero chochepa mphamvu mawa champhamvu kutengera masamba omwe athyola. Komanso vincristine samwedwa, amadutsira mu mtsempha basi, adokotala akuyeza magazi pafupipafupi, ndipo ngakhale zili choncho odwala amadandaula dzanzi m'zala ndi m'mapazi komanso kudzimbidwa. Munthu wa shuga mapazi ake amakhala ali kale pachiswe ndi dzanzi lomwelo.

Ine ndikafuna kudziwa khalidwe la chomera ndimayamba ndafunsa za kubanja kwawo, ngati mmene timachitira pofunsira mbeta. Periwinkle ndi wa banja la Apocynaceae, zomera zambiri za banjali mukathyola tsamba zimatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ndipo ndi banja la ziphe. Oleander yemwe timadzala m'mipanda ya nyumba uja ndi wa komweko, masamba ake amaimitsa mtima. Wina ndi wathu weniweni, kombe. Amang'anja a ku chigwa cha Shire ankapaka nthanga zake zosinja ku mivi posaka nyama. John Kirk, dokotala yemwe ankayenda ndi David Livingstone, akuti anasunga mswachi wake m'thumba momwe munali kombe, atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa kenako mtima nkuyamba kugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza nthangazo nkupeza strophanthin, yemwe kuyambira cha m'ma 1885 anakhala mankhwala a mtima ku Ulaya, ndipo mpaka lero dzina la sayansi ndi Strophanthus kombe, mawu athu omwe. Alenje omwe anazindikira mphamvu yake satchulidwa paliponse, izi zimandinyansa koma ndi nkhani ya tsiku lina. Chomwe ndikufuna muone nchakuti nthanga yomweyo inkagwetsa njati, kuchipatala ankayeza timadontho.

Apongozi musawakalipire, mungangoyambitsa nkhondo pakhomo, mwina awuzeni bambo a kunyumba ndiwo alankhule ndi mayi awo. Tiyiyo asiye, mapilisi kapena insulin wa kuchipatala apitirize, ndipo tsiku la sikelo ya shuga mupite nawo, mutenge kanthambi ka duwalo muwaonetse adokotala nkuwauza masiku omwe akhala akumwa. Ngati ayamba kusanza, kufooka, kutuluka zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi, musadikire tsiku la sikelolo.