Mwana wanu sakuthawa mpira, bambo

Bambo wina wandilembera kuti chionereni World Cup ya mpira wa pamchenga, mwana wawo wayamba kujomba kutimu yake ya mpira wa pabwalo, akuti mtima wake uli kumchenga. Akufunsa ngati amulole kapena amuletse, ndipo amaliza ndi funso ili: "Kodi umenewu si mpira wa anthu olephera?"

Bambo, mawu amenewa andilasa, chifukwa ndinawamvapo ndi makutu angawa. Ndili mnyamata ndinkasewera kumbuyo, ndipo mphunzitsi wathu ankatitengera kumchenga kukalimbitsa miyendo. Anzanga ankadana nako, koma ine ndinkachita kulakalaka tsikulo. Tikamaliza kuthamanga ndinkatsalira ndi anyamata a kumeneko, tivule jombo, tiimike timitengo, tiyambepo. Mphunzitsi atamva anandiitana pamaso pa timu yonse, nati wofuna kusewera ndi mchenga apite akaumbe tinyumba ndi ana. Anzanga anafa nacho chiseko. Sindinapitenso, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa munthu uja ankanyoza chinthu chimene sanachiyesepo.

Akanachiyesa akanadziwa kuti pamchenga mpira sugubuduka monga ukufunira. Ukaukankha pansi umakatitimira m'kadzenje kamene phazi la mnzako lasiya, iwe n'kupitirira wekha. Umayenera kuutola ndi zala, kuukweza pantchafu, kuupereka usanagwe. Mphindi zitatu zokha ntchafu zimayaka moto, mchenga uli m'kamwa, chala chachikulu chatupa. Ndiye pali ena amati osewera akamamenya mpira chagada ali m'mwamba ndiye kuti akudzionetsera. Ayi ndithu. Mpirawo umakhala m'mwamba nthawi zambiri, ndipo kumeneko ndi kumene chigoli chimapezeka.

Malamulo akenso sasekerera waulesi. Timu imakhala ndi anthu 5, kuphatikizapo goloboyi, ndipo amasewera zigawo zitatu za mphindi 12, opanda nsapato. Ofusayidi kulibe, choncho palibe pobisala. Ukagwetsa mnzako, iye yemweyo ndiye amamenya mpirawo molunjika kugolo, ndipo simuloledwa kuima mpanda kutsogolo kwake. Amaloledwa kuunjika kamulu ka mchenga ndi phazi kapena ndi mpira, koma osati ndi manja. Kufanana mphamvu kulibenso: mukalepherana pamabwera nthawi yowonjezera ya mphindi 3, kenako mapenate. Wopambana m'nthawi yake amatenga mapointi 3, m'nthawi yowonjezera 2, pamapenate 1. Ine lamulo limeneli ndimalikonda kwambiri, moti ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalipititsa ku mpira wa pabwalo, tione ngati matimu ena angapitirize kudzaza anthu kugolo kwawo kuti atuluke 0-0. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za mpikisano umene mwana wanu waonerawo

Unayamba mu 1995 ku Copacabana, mumzinda wa Rio de Janeiro, ndipo FIFA inautenga mu 2005, chaka chimene France inapambana Eric Cantona akuitsogolera. Kuchokera pamenepo Brazil ndiyo yatenga chikho kambirimbiri, Russia katatu, Portugal kawiri. Mu 2025 mpikisanowu unachitikira mu Africa koyamba, ku Seychelles, ndipo Brazil inagonjetsa Belarus 4-3 mufainolo. Taganizani, bambo, Belarus ilibe gombe la nyanja yamchere. Switzerland nayonso ilibe, koma inafika mufainolo mu 2009. Anthuwa sanafike kumeneko chifukwa chosewera pagombe tsiku lopuma. Anathira mchenga m'mabwalo, anapeza aphunzitsi, anautenga ngati ntchito.

Chimene chimandikoka mtima n'chakuti pa mpira wa pamchenga dziko laling'ono limaluma. Tahiti, ya anthu osakwana 300,000, inafika mufainolo mu 2015 ndi mu 2017. Senegal, imene yatenga chikho cha Africa kuposa dziko lina lililonse, inatulutsa Brazil 5-4 mukotafainolo ku Moscow mu 2021, n'kumaliza pa nambala 4. Pa World Cup ya pabwalo ife a mu Africa tinadikira mpaka 2022 kuti Morocco itifikitse musemifainolo. Ndiye wina aziti goloboyi wa Senegal, Al Seyni Ndiaye, ndi wolephera? Kapena Madjer wa ku Portugal, amene zigoli zake za pa World Cup palibe wazifikira? Amene amalankhula choncho angoonetsa kuti sanaonerepo ngakhale chigawo chimodzi.

Komabe sindikunamizani, ndalama zake n'zochepa. Osewera ambiri, ngakhale a m'matimu a mayiko, ali ndi ntchito zina zowadyetsa, ndipo ligi zake m'mayiko ambiri zimatenga miyezi yochepa pachaka. Ngati nkhawa yanu ili pamenepo, ndikukumvetsani.

Choncho muloleni, koma asasiye sukulu, ndipo kutimu ya pabwalo asachoke mwakachetechete. Apite akalankhule ndi mphunzitsi wake, agawe masiku, azisewera konse kuwiri mpaka nyengo ino ithe, kenako asankhe yekha. Inunso mupite mukamuonere tsiku lina, ndipo mawu akuti "olephera" aja asawamve kuchokera pakamwa panu.